Bilu ya chinsinsi ija, anthu a kuno ku Joni anaikana bwanji

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Akumbuyoko mukundimva eti? Chabwino. Lero tikambe za bilu ija ankaitcha ya chinsinsi, Protection of State Information Bill, ambiri a inu nthawi imeneyo munali musanabwere kuno ndiye tcherani khutu.

Mu 2010 boma la ANC linapita nayo ku palamenti, akuti ilowe m'malo mwa lamulo la 1982 la nthawi ya apartheid. Dziko lililonse lili ndi zinsinsi zake, za asilikali, za akazitape, pamenepo palibe mkangano. Koma mmene anailembera poyamba, pafupifupi ofesi ina iliyonse ya boma ikanatha kungodinda pepala kuti ichi nchinsinsi, basi nkhani yathera pompo, ndiye iwe ukapezeka nalo pepalalo kaya ndiwe mtolankhani kaya kalaliki amene waona abwana akusolola ndalama za mankhwala, wakundende ndiwe osati wakubayo, ndipo milandu ina zaka zake zimafika 25. Chowawa kwambiri, sunkaloledwa kuuza khoti kuti ndaulula pofuna kuthandiza anthu. Nduna ya zachitetezo Siyabonga Cwele anakanitsitsa kuika mawu amenewo.

Chaka chomwecho ku Cape Town kunayamba gulu la Right2Know. Apa ndipomwe ndikufuna mumvetse abale anga, akanasiyira atolankhani okha boma likanangoti awa akulirira malonda a nyuzipepala zawo. Koma mmisewu munali anthu a mmalokeshoni, ofuna kudziwa kuti mndandanda wa nyumba za RDP, zija boma limamangira osauka, ukuyenda bwanji, mipingo, maloya, Desmond Tutu nayenso anadzudzula, ngakhale Cosatu, mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, amene amadyera mbale imodzi ndi ANC anati ayi izi sitivomera. Pa 22 November 2011, tsiku lovota, anthu anavala zakuda nkulitcha Black Tuesday, pokumbukira 19 October 1977 pomwe boma la azungu linatseka nyuzipepala ya The World.

Biluyo inadutsabe, mavoti 229 kwa 107. Mkulu wina wa ANC yemweyo, Ben Turok, anatuluka osavota. Ena anagwa mphwayi, koma phokoso silinathe, ndiye anapitiriza kuidula apa ndi apo, pomwe mphamvu yodinda ija anali ataichepetsa kale asanavote nkutsala makamaka kwa achitetezo. Mu April 2013 inadutsanso, Zuma anaibweza mu September, itabwereranso anangoikhalira osasaina mpaka anachoka mu 2018, kenako Ramaphosa mu June 2020 anaibwezanso ku palamenti kuti mbali zina zikuoneka zosemphana ndi Constitution.

Nanga nthawi yomweyo si ija ya Nkandla? Ndalama pafupifupi R246 miliyoni pa nyumba ya munthu mmodzi, ya Zuma kumudzi kwawo, nduna zinkati ndi nkhani ya chitetezo musafunse, mpaka Thuli Madonsela, amene anali Public Protector wofufuza madandaulo okhudza boma, anatulutsa lipoti lake mu March 2014. Tangoganizani biluyo ikanakhala itasainidwa, amene anatulutsa mapepala oyamba aja bwenzi ali kuti?

Kwathu nako musaiwale. Gawo 37 la Constitution yathu limatipatsa ufulu wopeza uthenga, lamulo la Access to Information analivomereza mu 2016, linasainidwa 2017 koma kuyamba kugwira ntchito mpaka 30 September 2020, pomwe Official Secrets Act ya atsamunda ya 1913 ikadali mmabuku. Ndiye mukapita kumudzi pa Khirisimasi nkuona mjigo wa CDF wosatha, lembani kalata ku khonsolo yofunsa mapepala ake, musunge kope yodindidwa, akakuzembani dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission. Kuno ku Joni lamulo lopemphera uthenga ndi PAIA (Promotion of Access to Information Act) la 2000, amayenera kuyankha pa masiku 30.

Amayi akweza dzanja uko, funsani mayi.