Dmitri Volkogonov: jenerale amene zikalata zakale zinamusintha maganizo

[Pazenera: chithunzi cha mzinda wa Moscow, kenako mashelefu odzaza ndi mafayilo akale]

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za mkulu wa asilikali wa dziko la Soviet Union amene kwa zaka zambiri ankalandira malipiro chifukwa chophunzitsa asilikali anzake kukhulupirira chipani cha Komyunisiti, koma amene pamapeto pake analemba mabuku omwe anagwedeza chikhulupiriro chomwecho. Dzina lake ndi Dmitri Volkogonov, ndipo funso limene titsatire ndi lakuti kiyi wa nkhokwe za zikalata zachinsinsi anaupeza bwanji, nanga anachita nawo chiyani.

Volkogonov anabadwa mu 1928 m'chigawo cha Chita, kum'mawa kwa Siberia. Mu 1937, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo ake anamangidwa ndi kuwomberedwa, ndipo banja lonse linathamangitsidwira kudera la Krasnoyarsk, kumene mayi ake anakamwalirira. Banjali silinali lokha pa tsokali, chifukwa malinga ndi ziwerengero za apolisi achinsinsi a boma lomwelo, anthu oposa 680,000 anawomberedwa m'zaka ziwiri zokha, 1937 ndi 1938. Munthu angayembekezere kuti mwana wamasiye wotere akula ndi chidani pa boma, koma sizinatero. Mnyamatayu analowa usilikali, anaphunzira kusukulu ya akasinja ku Ulyanovsk, analowa chipani, ndipo gulu la nkhondo linasanduka kwawo kwa munthu amene analibenso kwawo.

Kuti timvetse ntchito yake, tiyenera kudziwa kuti gulu la nkhondo la Soviet Union linali ndi mitundu iwiri ya akuluakulu. Panali olamula pankhondo, komanso panali akuluakulu a ndale amene ntchito yawo inali kuyang'anira maganizo a asilikali, kuwaphunzitsa mfundo za Marx ndi Lenin, ndi kuonetsetsa kuti mfuti ikumvera chipani. Volkogonov anatsata njira yachiwiriyi. Anaphunzira kusukulu ya ukachenjede ya asilikali a ndale ku Moscow yotchedwa ndi dzina la Lenin, analemba timabuku tambiri tokhudza nkhondo ya maganizo, ndipo anakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi yonse ya ndale m'gulu la nkhondo, ali ndi udindo wa jenerale wa nyenyezi zitatu. Pa nthawiyo ankadziwika monga munthu wosagonja pa mfundo za chipani, ndipo ndi kukhulupirika kumeneku kumene kunamutsegulira zitseko zimene akatswiri wamba a mbiri yakale sankaloledwa ngakhale kuziyandikira.

[Pazenera: chikalata cholembedwa pa taipi, pamwamba pake pali siginecha ya pensulo]

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kusonkhanitsa zolemba za moyo wa Joseph Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union pa nthawi imene bambo ake anaphedwa. Nkhanza za Stalin sizinali chinsinsi chenicheni, popeza Nikita Khrushchev anali ataziulula kale kwa akuluakulu a chipani mu Febuluwale 1956, koma mu ulamuliro wa Leonid Brezhnev nkhaniyo inakwiriridwanso, moti mabuku a mbiri ankaidutsa ngati munthu wodutsa pamanda usiku. Kumva kuti anthu anaphedwa ndi chinthu china, ndipo kugwira pepala lenilenilo ndi chinanso. M'nkhokwezo munali mindandanda 383 ya anthu oti aweruzidwe, yokhala ndi mayina pafupifupi 44,000, yomwe Stalin ndi anzake apamtima anaisaina, ndipo ambiri mwa anthuwo anawomberedwa. Buku la Volkogonov silikanatuluka pa nthawiyo. Linadikira mpaka Mikhail Gorbachev atabweretsa mfundo yolankhula poyera yotchedwa glasnost, ndipo linasindikizidwa mu 1989. Akatswiri a kumayiko a azungu anali atalemba kale zambiri za Stalin, koma apa wolemba anali jenerale wovala yunifolomu ya dziko lomwelo, wotchula zikalata zimene iwo sanazionepo.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1988, anachotsedwa kunthambi ya ndale ndi kupatsidwa utsogoleri wa bungwe lofufuza mbiri ya nkhondo la unduna wa zachitetezo. Kumeneko ndi kumene anakhudza chilonda chenicheni. Bungwelo linapatsidwa ntchito yolemba mbiri yatsopano, m'mabuku khumi, ya nkhondo yolimbana ndi Germany ya 1941 mpaka 1945. Kwa anthu a Soviet Union nkhondoyi ndi yopatulika, chifukwa inapha anthu pafupifupi 27 miliyoni, ndipo boma linkatsamira pa chipambano chimenecho pofuna kusonyeza kuti ulamuliro wa chipani unali woyenera. Buku loyamba linayenera kufotokoza zaka za nkhondo isanayambe, ndipo apa panali mafunso amene akuluakulu a asilikali sankafuna kuwamva. N'chifukwa chiyani Stalin anapha atatu mwa akuluakulu asanu a udindo wapamwamba kwambiri wa marshal, kuphatikizapo Mikhail Tukhachevsky mu Juni 1937, pamodzi ndi akuluakulu ena ambirimbiri? Nanga pangano la pa 23 Ogasiti 1939 pakati pa Stalin ndi Hitler linathandiza yani? N'chifukwa chiyani machenjezo a azondi ananyalanyazidwa mpaka adani analowa pa 22 Juni 1941, ndipo asilikali pafupifupi 3 miliyoni anagwidwa ukapolo chaka chimenecho chisanathe?

Zolemba zoyamba za gulu la Volkogonov zinayankha kuti vuto linali m'kayendetsedwe ka boma ndi chipani, osati mwa munthu mmodzi yekha. Mu Marichi 1991 akuluakulu a nkhondo ndi a chipani anakumana kuti aziunike, ndipo msonkhanowo unasanduka bwalo la milandu. Nduna ya zachitetezo Dmitri Yazov ndi Marshal Sergei Akhromeyev anali m'gulu la amene anazikana mwaukali, ndipo pofika mu Juni Volkogonov anali atachoka pa udindo wake. Ndikuona kuti tiyenera kuwamvetsa akuluakuluwa ngakhale sitikugwirizana nawo, pakuti iwo anamenya nkhondoyo ali anyamata ndipo anaika anzawo m'manda, choncho kwa iwo kufunsa mafunso otere kunali ngati kunyoza akufa. Koma patangopita miyezi iwiri, mu Ogasiti 1991, Yazov anali m'gulu limene linayesa kulanda boma kwa Gorbachev. Chiwembucho chinalephera m'masiku atatu, Yazov anamangidwa, ndipo Akhromeyev anadzipha.

[Pazenera: akasinja m'misewu ya Moscow, Ogasiti 1991]

Pa nthawiyi Volkogonov anali atalowa kale ndale za zisankho. Mu 1990 anapikisana nawo ndi kusankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Russia, kumene anayandikana ndi Boris Yeltsin, amene anadzakhala pulezidenti wa Russia. Mu 1991 Yeltsin anamusankha kukhala mlangizi wake pa zachitetezo, ndipo chiwembu chija chitalephera anapatsidwanso ntchito yotsogolera komiti yolandira zikalata za chipani ndi za KGB, bungwe la apolisi achinsinsi ndi azondi, kuti zikhale m'manja mwa boma latsopano. Munthu amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha zimene anawerenga tsopano ndiye anali ndi mawu pa zoti ndani awerenge chiyani.

M'zaka zimenezi analemba za Leon Trotsky, mmodzi mwa atsogoleri oyamba a boma la Soviet amene anadzakangana ndi Stalin, kenako mu 1994 za Lenin, mtsogoleri woyamba wa bomalo. Buku la Lenin ndi limene linamuvuta kwambiri mumtima, chifukwa m'buku la Stalin ankakhulupirirabe kuti Lenin anayamba bwino ndipo Stalin ndiye anapotoza njira. Koma atawerenga zolemba za Lenin zoposa 3,700 zimene chipani sichinazisindikize, anasintha. Mwa izo munali lamulo la mu Ogasiti 1918 lopita kwa akuluakulu a ku Penza kuti apachike poyera alimi olemera osachepera 100, anthu aone ndi kuopa. Volkogonov anafika ponena kuti muzu wa nkhanza unali mwa Lenin mwiniwake, ndipo anavomereza poyera kuti kwa zaka zambiri iye anali wolakwa.

Kuphatikiza ndale ndi kulemba mbiri kunabweretsa mavuto ake, ndipo sitiyenera kuwabisa. Mu Okutobala 1992 analengeza kuti sanapeze umboni woti Alger Hiss, mkulu wakale wa boma la America amene ankamuganizira kuti anali kazitape wa Soviet Union, anagwirirapo ntchito azondi a dzikolo. Nkhaniyi inafalikira kwambiri ku America, koma patapita milungu yochepa iye anavomereza kuti sanafufuze mokwanira ndiponso kuti zikalata za azondi a gulu la nkhondo sanazione. Mawu ake analemera chifukwa cha udindo wake, osati chifukwa cha kukula kwa kafukufukuyo. Akatswiri ena ankadandaulanso kuti iye ankatchula zikalata zimene anzake sakanaloledwa kuziona, motero kunali kovuta kutsimikizira ngati anaziwerenga molondola. Mu Okutobala 1993, Yeltsin atakangana ndi nyumba ya malamulo mpaka kulamula akasinja kuwombera nyumbayo, Volkogonov anaima kumbali ya Yeltsin, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba yatsopano ya malamulo yotchedwa Duma pa tikiti ya gulu la Yegor Gaidar, limene linali kumbali ya Yeltsin. Komabe nkhondo ya ku Chechnya itayamba mu Disembala 1994, iye anaitsutsa ngakhale anali atakhalapo mlangizi wa pulezidenti amene anailamula.

Kuyambira 1992 ankatsogoleranso, pamodzi ndi kazembe wakale wa America Malcolm Toon, komiti ya mayiko awiriwa yofufuza za asilikali ogwidwa ndi osowa pankhondo. Ntchito zonsezi ankazigwira akudwala khansa, ndipo buku lake lomaliza, lofotokoza atsogoleri asanu ndi awiri a Soviet Union kuyambira Lenin mpaka Gorbachev, analimaliza matendawo atakula. Anamwalira pa 6 Disembala 1995 ali ndi zaka 67. Banja lake linapereka makope a zikalata zimene anasonkhanitsa ku Library of Congress mumzinda wa Washington, kumene ofufuza angathe kuziwerenga lero, pamene zina mwa nkhokwe zimene iye anathandiza kutsegula ku Moscow zinayamba kutsekedwanso m'zaka zotsatira.