Mabotolo a mavitamini sachiza glaucoma: zimene ofufuza za maso anapeza

Zikomo a mfumu pondipatsa mpata. Agogo, amayi, abambo, ndakulonjerani nonse. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambiri mwa inu muli ndi timabotolo ta mavitamini a maso, tija ana amatumiza kuchokera ku Johannesburg kapena timene mumagula m'mafamase a m'tauni pa mtengo woboola m'thumba. Mumafunsa ngati timathandiza. Nkhaniyi inafufuzidwa bwino, ndiye yankho lilipo.

Ku America, bungwe la National Eye Institute linachita kafukufuku wotchedwa AREDS pa anthu achikulire masauzande angapo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Ankawapatsa mavitamini C ndi E, beta-carotene, zinc ndi copper. Matenda amene ankalimbana nawo ndi kuwonongeka kwa pakati pa retina chifukwa cha ukalamba. Retina ndi kachikopa kopyapyala kamene kali m'kati mwa diso, chakumbuyo, ndipo ndi kamene kamalandira kuwala. Kwa anthu amene matendawo anali atayamba kale kukula, mavitaminiwo anachepetsa chiopsezo choti afike poipa ndi pafupifupi 25 pa 100 alionse. Kwa amene analibe matendawo, sanawateteze. Ng'ala nayonso sanaichotse. Mu 2013 kafukufuku wachiwiri, AREDS2, anaonetsa kuti m'malo mwa beta-carotene ndi bwino kuika lutein ndi zeaxanthin, chifukwa beta-carotene wa m'mapilisi amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa osuta fodya ngakhalenso amene anasiya. Abambo osuta, werengani zolembedwa pabotolo musanameze. Ndipo lutein ameneyu ali m'bonongwe, nkhwani, mpiru ndi chikasu cha dzira.

Matenda a retina amene ankafufuza mu AREDS aja amagwira kwambiri azungu. Amene ine amandisowetsa tulo ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, ndipo mabotolo aja sachiza glaucoma.

Kuchokera ku diso kupita ku ubongo kuli mtsempha wokhala ndi timaulusi pafupifupi 1 miliyoni. M'diso mumapangidwa madzi nthawi zonse ndipo amayenera kutuluka. Njira yake ikamatsekeka, pulesha ya m'diso imakwera, timaulusi tija nkumafa pang'onopang'ono. Zili ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja mtengo ukuoneka wabwinobwino, m'kati mwatha. Nthawi zambiri diso siliwawa, silifiira, silituluka manthongo. Choyamba kutayika ndi kuona kwa m'mbali. Munthu amayamba kugunda mafelemu a chitseko, njinga imamudzidzimutsa ili kale pafupi, koma Baibulo akuwerengabe, ndiye amati ali bwino. Pofika kuchipatala amakhala akuona kadera kakang'ono ka kutsogolo basi. Ng'ala timaichotsa pa opaleshoni munthu nkuonanso. Ulusi wa mtsempha ukafa sudzukanso. Zimandipweteka kwambiri kuuza munthu wa zaka 50, amene ana ake ali pasukulu, kuti wabwera mochedwa.

Ife anthu akuda matendawa amatigwira kwambiri ndipo amayamba msanga. Kafukufuku wa ku Barbados, kumene ambiri ndi ochokera ku mtundu wa Africa, anapeza glaucoma mwa anthu akuda pafupifupi 7 pa 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo. Amayendanso m'magazi: ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali nayo, inunso mukayezetse.

Kuyeza kwake sikoopsa. Pulesha ya munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 10 ndi 21, koma nambalayi payokha sikwanira, poti ena mtsempha umawonongeka pulesha ili yabwino. Nchifukwa chake timayang'ananso mtsemphawo ndi kanyali. Palinso makina otchedwa OCT, amene ofufuza a ku MIT ku America anawalengeza mu 1991. Mumaika chibwano pakachotsamira, mphumi kutsogolo, nkuyang'ana kakuwala osaphethira kwa kanthawi kochepa. Sakhudza diso. Papepala pamatuluka kukhuthala kwa timaulusi tija: kobiriwira ndiye kuti kuli bwino, kwachikasu nkokayikitsa, kofiira ndiye kuti kwapyapyala. Ubwino wake amatha kuona kuwonongeka mwiniwake asanazindikire chilichonse. Ndi odula ndipo sapezeka paliponse, koma musadikire makinawo. Yambani kwa wa za maso pachipatala cha boma chapafupi, akaona chokayikitsa akutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Nkhoma.

Chithandizo chotsimikizika ndi kutsitsa pulesha: madontho, laser (kuwala kwamphamvu kolozetsedwa m'diso) kapena opaleshoni. Ku Moshi ku Tanzania, pachipatala cha KCMC, anayerekeza laser yotchedwa SLT ndi madontho a timolol, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti patatha chaka laser inagwira bwino kuposa madontho. Izi zimandipatsa chiyembekezo, poti kwathu kuno kupeza madontho mwezi ndi mwezi si kophweka.

Amene muli pa madontho, musasiye chifukwa choti simukuona kusintha. Ntchito yake ndi kusunga kuona kumene kwatsala. Kokani chikope chakumunsi, dontho limodzi lokha, tsinzinani, kenako kanikizani ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. A mphumu, uzani adokotala asanakupatseni timolol. Madontho ogula pamsika kapena obwereka kwa aneba ayi, ena ali ndi mankhwala otchedwa steroid amene amatha kukweza pulesha. Zitsamba, madzi a shuga ndi mkaka wa m'mawere zisalowe m'diso.

A matenda a shuga, retina yanu iziyang'aniridwa kamodzi pachaka ngakhale mukuona bwino. Ena nonse amene mwapitirira zaka 40, kayezetseni chaka chino. Amayi munakweza dzanja apo, funsani.