Sola pa boti: dzuwa lotentha kwambiri si limene limapereka magetsi ambiri

Takulandirani nonse amene mukutionera. Tikujambula muno mu Lilongwe, koma nkhani yathu lero ndi ya kunyanja: kaikidwe ka mapanelo a sola pa boti, makamaka opangidwa motsatira muyezo wa boti lanulo.

Choyamba, werengerani magetsi amene mumagwiritsa ntchito. Nyali zinayi za mawati 20 zikayaka maola 8 pokopa usipa, zimadya ma watt-hour 640 (mawati onse kuchulukitsa ndi maola), ndipo panelo ya mawati 200 ingathe kuwabwezera m'batire dzuwa likawala bwino. Chachiwiri, pa denga la nyumba timapendeketsa panelo kuti iyang'ane kumpoto, koma boti limatembenuka nthawi zonse, choncho pamenepo igonekeni.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa mtima, ndipo mundilole ndichedwepo. Anthu ambiri, ngakhale ena ogulitsa zipangizozi, amanena kuti ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota panelo imapereka magetsi ochuluka chifukwa kumatentha kuposa kuno. Zimenezi si zoona. Panelo imagwira ntchito ndi kuwala, osati kutentha, ndipo kutenthako kumaifooketsa. Tembenuzani panelo yanu muwerenge chikalata chimene anamata kumbuyo: mawati alembedwawo anayezedwa panelo ili pa madigiri 25. Ikapitirira pamenepo, digiri iliyonse imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake. Masana a mu Okutobala, panelo yosapitidwa mphepo imatha kufika madigiri 65, moti simungaikepo dzanja n'kulisiya. Madigiri 40 owonjezerawo akutanthauza 16 peresenti, ndiye kuti pa mawati 200 aja mwataya oposa 30, pamene ndalama munalipira zonse. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi zomata panelo yopindika ija mwachindunji pa denga lachitsulo la boti. Imaoneka bwino, inde, koma imapsa kuchokera pansi ndipo imakalamba msanga. Uzani mmisiri wanu asiye mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuti mphepo ya panyanja izidutsa kunsi kwake. Inu amene muli ndi achibale asodzi, atumizireni vidiyoyi, ndipo dinani batani la subscribe tisanapitirire.

Chachinayi ndi mthunzi. Timagawo ta m'panelo timalumikizana motsatana ngati mikanda pa ulusi, motero mthunzi wa mzati umodzi, ukonde woyanikidwa pakona, ngakhale zitosi za mbalame, zimagwetsa mphamvu ya mzere wonse. Apa m'pamene panelo zopangidwa mwa muyezo zimathandiza: ziwiri zing'onozing'ono, kumanja ndi kumanzere, iliyonse ndi kontirola yake ya MPPT (kachipangizo kowongolera magetsi ochoka ku panelo kupita m'batire), zimaposa imodzi yaikulu yokhala pansi pa mzati.

Chachisanu, kumbukirani mwera. Panelo yokwezedwa kwambiri imagwira mphepo ngati thanga ndipo imapendetsa boti, choncho denga likhale lotsika, lomangidwa ndi mabawuti osachita dzimbiri, pamene batire, poti ndi lolemera, likhale pansi pakati pa boti m'bokosi losalowa madzi. Fyuzi muiike pafupi ndi batire penipeni, chifukwa waya akapsa muli pakati pa nyanja, pambali panu pali chigubu cha petulo wa injini.