Makalata a omvera: Mwana wabwerako ku koleji ndi mafunso

Moni omvera nonse kuno ku Mzuzu ndi madera ozungulira. Tiyambe ndi kalata ya mayi a ku Chibavi.

Akuti: "Mwana wanga wakulira mu Sande sukulu, ankaimbanso kwaya. Chaka chatha anasankhidwa kupita ku Mzuni. Pa holide wabwera akuti Chikhristu n'cha azungu, anatibweretsera kuti tigone tulo iwo akutilanda dziko. Ndinamukalipira, pano nkhani ya tchalitchi sayankha n'komwe. Ndimutengere kuphiri akamupempherere?"

Mayi, kupemphera musaleke, koma mnyamatayu wafunsa funso ndipo akudikira yankho. Choyamba muvomereni pomwe wanena zoona. Amishoni ena ankadyera mbale imodzi ndi atsamunda. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 koma abusa akuda oyamba anadzozedwa mu 1914, ndipo mmodzi mwa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anadzatuluka mu 1933 atatopa ndi kulamulidwa ndi azungu. Mukabisa zimenezi, akazipeza yekha mu laibulale, ndiye sadzakukhulupiriraninso pa zina.

Mukatero mumufunse nayenso. Kodi amene anatsegula njira ya Uthenga pakati pa Angoni a M'mbelwa anali mzungu? Anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku South Africa. Nanga Levi Mumba ndi anzake amene anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, n'kuyamba kuyankhula molimba kwa boma la atsamunda, anaphunzira kuti? Pa sukulu za mishoni zomwezo. Ngati cholinga chinali kutigoneka, mankhwalawo anagwira mobwerera! Ku Ethiopia mfumu Ezana inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, makolo a Angerezi akupembedzabe milungu yawo. Augustine, mphunzitsi wamkulu wa Chikhristu wa kalekale amene mipingo ya ku Ulaya imamuwerenga mpaka lero, kwawo kunali kumene tsopano timati Algeria. Muphikireni kondowole, mukhale naye pansi, mum'patse mpata amalize mawu ake.

Yachiwiri ndi ya mtsikana wa chaka choyamba ku Luwinga. Akuti mnzake wa m'chipinda amamuseka kuti sayansi inathana naye kale Mulungu, ndipo iye amangokhala chete ngakhale mtima ukuwawa.

Achemwali, mumuuze mnzanuyo kuti amene anayamba kufotokoza kuti chilengedwe chonse chinayambira pamodzi n'kumafutukuka, chiphunzitso chotchedwa Big Bang, anali wansembe wa Katolika, Georges Lemaître wa ku Belgium. Komabe musakalimbane ndi aphunzitsi m'kalasi poponya mavesi. Phunzirani bwinobwino evolution, chiphunzitso choti zamoyo zinachita kusinthika pang'onopang'ono kuchokera ku zamoyo zina, mukhoze mayeso, mudziwe chimene akunenadi. Akhristu okhaokha amasiyana pa kamvedwe ka masiku a mu Genesis, choncho musaike chikhulupiriro chanu chonse pa mkangano umenewo. Akakufunsani chokuvutani, nenani kuti mukafufuza kaye. Pa 1 Petro 3:15 akutiuza kukhala okonzeka kuyankha, koma mofatsa ndi mwaulemu.

Yomaliza yachokera kwa mkulu wa mpingo ku Katawa. Akufunsa chimene angachitire ana a Fomu 4 asanapite ku koleji.

Bambo, ine ndimadandaula ndi miyezi imene anawa amangokhala podikira zotsatira za MSCE. Timawapatsa kwaya ndi kusesa tchalitchi basi. Ikani katoni pakhomo, aliyense aponyemo funso lake osalemba dzina, ngakhale lija loti Mulungu wachikondi analoleranji namondwe Freddy mu 2023. Itanani ophunzira a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, a ku Mzuni kapena ku Ekwendeni adzafotokoze zimene amakumana nazo ku hositelo. Muwerenge nawo Machitidwe 17, muone mmene Paulo ku Atene anagwiritsira ntchito ndakatulo za Agiriki eni ake. Ndipo mwana akafunsa chovuta, wina asamunene kuti walowa mzimu woipa.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Mchengautuwa amene mwafunsa za chakhumi cha ophunzira odalira ngongole ya boma, kalata yanu tidzayamba nayo sabata yamawa.