Kumanga timu ya Blood Bowl: tiyambire pa osewera otchipa

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Makolo anga, abale ndi alongo, ndi inu achinyamata, moni nonse. Amene muli kumbuyoko senderani kufupi ndi tebulo, chifukwa zimene ndabweretsazi ndi zazing'ono, simuziona muli patali. Inde mayi, bwerani nawo mpandowo.

Ambiri a ife takhala muno mu Nottingham zaka zambiri, timadutsa ku Lenton popita ku ntchito, koma sitidziwa kuti kumeneko kuli likulu la kampani ya Games Workshop, imene imapanga tizidole timene ana athu amapenta m'zipinda zawo. Kampaniyi inayambira ku London mu 1975, kenako inasamukira kuno. Masewera ali patebulowa ndi ake, dzina lawo ndi Blood Bowl. Anawayambitsa ndi Jervis Johnson, ndipo anatuluka koyamba mu 1986. Ndi mpira wofanana ndi wa ku America uja wonyamula m'manja, koma osewera ake ndi anthu ndi zilombo za m'nthano, ndipo kugwetsana n'kololedwa.

Ndiyankhiretu funso limene bambo wina anandifunsa pakhomo paja. Ayi bambo, si njuga. Madayisi alipo, koma palibe ndalama yeniyeni imene imapita m'thumba la munthu. Ine ndinali ndi nkhawa yomweyo mwana wanga atabwera nalo bokosi limeneli kunyumba. Ndinakhala naye pansi kuti ndione, ndipo ndinapeza kuti ndi masewera owerengera, ngati mmene mkulu wodziwa bawo amawerengera nkhomo zake mumtima asanatape.

Bolodi ndi ili. Lili ndi timabokosi 26 m'litali ndi 15 m'lifupi. Timu iliyonse imalowetsa osewera 11, ngakhale pa mndandanda mutha kukhala nawo mpaka 16. Pali chigawo choyamba ndi chachiwiri, ndipo m'chigawo chilichonse kochi, ndiye kuti munthu amene akusewerayo, amakhala ndi mipata 8 yoyendetsa timu yake. Mukafikitsa mpira ku mzere womaliza wa mdani, chimenecho ndi chigoli.

Lamulo limene ndikufuna mulisunge kuposa ena onse ndi la turnover. Wosewera wanu akagwa pa nthawi yanu, kapena akalephera kutola mpira, mpata wanu wathera pomwepo. Ngakhale mutakhala kuti mwayendetsa munthu mmodzi yekha, ena khumi aja aima pomwe ali, mnzanu ayambe kusewera. Zonse zimene ndinene zokhudza kumanga timu zikuchokera pa lamulo limeneli.

Poyamba kochi aliyense amapatsidwa ndalama za m'masewera zokwana 1,000,000 kuti agulire timu. Mitengo ndi malamulo amene nditchule ndi a m'buku la malamulo la 2020. Zimenezi zimasintha buku likasinthidwa, choncho muziona buku limene ligi yanu ikutsatira.

Ndanyamula timu ya anthu wamba, imene amaitcha Humans, chifukwa ndi yabwino kuphunzirirapo. Kadole aka ndi Lineman. Mtengo wake ndi 50,000. Amayenda timabokosi 6, mphamvu zake ndi 3, ndipo alibe luso lililonse lapadera. Uyu ndi Blitzer, wa 85,000, amayenda timabokosi 7 ndipo ali ndi luso lotchedwa Block, limene ndilifotokoze posachedwa. Woonda uyu ndi Catcher, wa 65,000. Ndi waliwiro, timabokosi 8, amazemba bwino, koma mphamvu zake ndi 2 zokha. Uyu wanyamula mpirayu ndi Thrower, wa 80,000. Ndiye pali chimphona ichi, Ogre, cha 140,000, mphamvu zake 5. Ndikuona ana maso ali pa chimenechi.

Mwana wanga maso ake analinso pa chimenechi. Pa timu yake yoyamba anagula Ogre, ma Blitzer anayi, ma Thrower awiri ndi ma Catcher anayi. Osewera 11 anakwana, ndalama 900,000 zinapita, koma Lineman analibe ndi mmodzi yemwe. Anandiuza kuti, "Adadi, bwanji ndigule munthu wopanda luso?" Zotsalazo anagulira sing'anga wa timu ndi re-roll imodzi, mwayi woponyanso dayisi.

Tsiku la masewera ndinakhala pambali pake. Lamulo limati poyamba payenera kukhala osewera osachepera atatu pa mzere wapakati, maso ndi maso ndi adani. Mukakhala kuti ndinu amene mwamenya mpira kupatsa anzanu, atatu amenewa ndi amene amayamba kulandira nkhonya inu musanayendetse munthu aliyense. Mnyamata wanga analibe wotchipa woti aimike pamenepo. Anaika Ogre pakati, uku ndi uku ma Catcher. Mpata woyamba usanathe ma Catcher onse awiri anali pansi, mmodzi atatulutsidwa m'bwalo. Ndikukumbuka mmene anamutolera pabolodi ndi zala ziwiri, kadole kamene anakapenta madzulo atatu, malaya abuluu ndi kamzere koyera, n'kukaika m'bokosi la ovulala. Sanalire, koma anakhala chete mpaka tinafika kunyumba.

Sikuti dayisi inamuda. Wosewera akagwa, mdani amaponya madayisi awiri kuti aone ngati zovala zake zodzitetezera zabooka. Kwa Lineman pamafunika 9 kapena kuposerapo, ndipo zimenezi zimachitika ka 10 pa ka 36. Kwa Catcher pamafunika 8 yokha, ndiye kuti ka 15 pa ka 36. Komanso poti mphamvu zake ndi 2, wina aliyense wa mphamvu 3 amamugunda ndi madayisi awiri. Munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga ndi mpira anamuimika pa ntchito yolandira nkhonya. Ntchito imeneyo ndi ya Lineman, ndipo n'chifukwa chake amamugulitsa motchipa. Akavulala, mumagula wina osadandaula kwambiri. Akapirira, waimitsa chimphona cha mdani mpata wonse.

Tsopano taonani dayisi iyi. Si ya manambala, ili ndi zizindikiro. Ndi imene timaponya pogunda mdani. Mbali imodzi ili ndi chibade, kutanthauza kuti wagwa ndi wogundayo. Mbali ina imati onse awiri agwa. Mbali ziwiri zimangomukankha mdani. Imodzi imamugwetsa ngati alibe luso lozemba, ndipo yomaliza imamugwetsa basi. Mphamvu zikafanana mumaponya dayisi imodzi. Mukamuposa mumaponya awiri n'kusankha yokukomerani. Mukamuposa kupitirira kawiri mumaponya atatu.

Tiyeni tiwerengere limodzi, makamaka inu a sekondale. Lineman akagunda ndi dayisi imodzi, mbali ziwiri pa zisanu ndi chimodzi zimamugwetsa iye mwini. Ndiye kuti kamodzi pa katatu mpata wanu watha. Akaponya madayisi awiri, ngoziyo imatsika kufika kamodzi pa ka 9. Tsopano tengani Blitzer. Luso lake la Block limamuimitsa chilili pamene dayisi yanena kuti onse agwe, choncho chimene chingamugwetse ndi chibade chokha. Ndi dayisi imodzi ndi kamodzi pa ka 6. Ndi madayisi awiri ndi kamodzi pa ka 36. Kuchoka pa kamodzi pa katatu kufika pa kamodzi pa ka 36! Ndalama 35,000 zoonjezera zimene mumalipira pa Blitzer zimagula zimenezo.

Nanga dayisi yachiwiriyo imachokera kuti, popeza Blitzer mphamvu zake ndi 3 ngati wina aliyense? Apa ndi pamene ndimafuna tifike. Mukaimika mnzake pafupi ndi mdani amene mukufuna kumugunda, ndipo mnzakeyo sakuyang'aniridwa ndi mdani wina, amamuonjezera wogundayo mphamvu imodzi. Taonani, ndikusuntha Lineman uyu timabokosi tiwiri, ndamuimika apa. Sanagunde munthu, sanaponye dayisi, wangoima. Koma Blitzer tsopano ali ndi mphamvu 4 polimbana ndi 3. Ndikaimika wina uku, afika pa 5, wafanana ndi chimphona. Anthu awiri a 50,000, pongodziwa poima, achita zimene Ogre wa 140,000 amachita.

Ndipo amachita mosakayikitsa, pomwe Ogre ali ndi vuto lake. Nthawi iliyonse mukafuna kumugwiritsa ntchito mumayamba mwaponya dayisi. Ikagwa pa 1, amangoima kukamwa yasa, sachita kanthu, ngakhale mdani adutse pambali pake samuletsa. Lamuloli amalitcha Bone Head. Sindikunena kuti musamugule. Ine ndimamukonda pa mzere wapakati, kumene kukula kwake kokha kumatanganitsa adani awiri. Koma musamukhulupirire pa ntchito imene ikalephereka mwataya masewera.

Ndinatchula re-roll. Umenewu ndi mwayi woponyanso dayisi ikakugwerani moipa. Pa timu iyi mtengo wake ndi 50,000, wofanana ndi wa Lineman, ndipo alibe kadole koti mupente, n'chifukwa chake ana amaiwala. Koma ndi imene imakupulumutsani ku turnover. Ndipo dziwani kuti ligi ikangoyamba mtengo wake umawirikiza kawiri, choncho nthawi yogula ndi poyamba pomwe. Timu imene ine ndimalangiza woyamba kumene ndi iyi: ma Blitzer anayi, Thrower mmodzi, ma Catcher awiri ndi ma Lineman asanu. Amenewo ndi osewera 12 pa 800,000, mmodzi wodikira panja. Zotsala 200,000 mugule ma re-roll anayi. Amene mtima wake uli pa Ogre achotse Catcher mmodzi ndi Lineman mmodzi, atsale ndi osewera 11 ndi ma re-roll atatu. Zonsezi ndi timu zabwino.

Pa kayendetsedwe ndingonena chimodzi. Yambani ndi zonse zosafuna dayisi. Dzutsani amene agwa, imikani othandizira m'malo mwawo, tsekani njira. Kenako gundani ndi madayisi awiri, kuyambira amene ali ndi Block. Zoopsa zibwere pomaliza, kuti zikakanika timu yonse ikhale itaima kale bwino. Ana ambiri amathamangira kutola mpira poyamba. Munthu wamba amalephera kutola kamodzi pa katatu. Thrower ali ndi luso lomulola kuyesanso, choncho iye amalephera kamodzi pa ka 9. Mpira muzimusiyira iyeyo, ndipo asanautole pakhale anzake omutchinga. Akautola, imikani anayi m'makona ake anayi, iye pakati ngati m'khola. Mdani amaloledwa kuthamanga n'kugunda kamodzi kokha pa mpata, ndiye kuti angagwetse wa pakona, koma mwini mpira samufika mosavuta.

Mtsikana uyo wafunsa kuti timu yamphamvu kuposa zonse ndi iti. Funso labwino, mwanangu. Timu iliyonse inapatsidwa china n'kumanidwa china. Ma Dwarf ndi olimba, ambiri ali ndi Block kuyambira tsiku loyamba, ndipo zovala za ambiri a iwo zimabooka ka 6 kokha pa ka 36. Koma a pamzere amayenda timabokosi 4 basi, choncho amatenga chigawo chonse kukankha khola lawo pang'onopang'ono mpaka chigoli chimodzi. Akawalanda mpira, kuthamangitsa sangathe. Ma Skaven, amene ndi makoswe, ali ndi Gutter Runner woyenda timabokosi 9, amatha kugoletsa m'mipata iwiri, koma akagwidwa amathyoka. Ma Wood Elf amatola ndi kuzemba mosavuta, ndipo Wardancer wawo amadumpha n'kulowa m'khola la mdani, koma mtengo wake ndi 125,000, ndiye ndalama zimatha timu isanadzaze bwino. Palinso ma Halfling, tianthu tating'ono ta 30,000, amene anapangidwa dala kuti kupambana nawo kukhale kovuta. Musayambire amenewo. Sankhani timu yogwirizana ndi mtima wanu. Wodekha atenge ma Dwarf kapena ma Orc, amenenso ndi olimba. Wokonda liwiro atenge makoswe, koma avomereze kuti azinyamula ovulala.

Mu ligi osewera amakula. Wogoletsa amalandira mapointi 3, wovulaza mdani pogunda amalandira 2, woponya mpira n'kufika bwino amalandira 1, ndipo mapointiwo amagulira maluso atsopano. Apa pali msampha. Mukamapatsa Catcher mmodzi yemweyo zigoli zonse, iye yekha ndiye amakula, ndipo tsiku limene adzavulale timu idzabwerera pa chiyambi. Masewera akakhala kuti ali m'manja mwanu, mupatseniko mpira Blitzer kapena Lineman agoletse. Lineman woyamba kupeza luso, mupatseni Block. Blitzer mupatseni Guard, luso lomulola kuthandiza mnzake ngakhale adani atamuzungulira.

Mwana wanga uja ali apo, ndiye amene wayala mabolodi awiri ali ku zenerawo, ndipo wavomera kuthandiza a tebulo loyamba. Ine ndikhala pa lachiwiri. Mapepala ndi mapensulo ali pa mpando uwo. Khalani awiriawiri, kholo ndi mwana ngati n'kotheka, mulembe timu yanu ya 1,000,000 ndi mitengo ndatchula ija. Mukamaliza mubwere nayo ndione kaye amene mwamuika pa mzere wapakati, kenako tiponye dayisi.