Kadontho ka buluu ndi chifunga cha ku Sapitwa

Zikomo a gulupu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mumaperekeza alendo m'phiri lathu la Mulanje. Amene muli ndi foni, tatsegulani mapu. Mwakaona kadontho ka buluu kosonyeza pamene mwaima? Alendo ambiri masiku ano akumakakhulupirira kuposa munthu wobadwira pano pa Likhubula, ndiye tikadziwe bwino.

Kumwambaku, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kukuzungulira masetilaiti a GPS. Iliyonse imaulutsa nthawi ndi malo pamene ili. Foni ikamva masetilaiti osachepera 4, imawerengetsa kuti uthenga uliwonse watenga nthawi yaitali bwanji panjira, n'kudziwa pamene mwaima. Zimenezi sizifuna bandulo kapena netiweki ayi. Chofuna intaneti ndi mapuwo, choncho muziwasungiratu m'foni musanachoke kumunsi kuno.

Pabwalo poyera ngati pano, foni yabwino imaphonya ndi mamita 5 kapena kuchepera. Pamsewu wa ku Chitakale mamita 5 si kanthu. Nanga kumtunda kwa kanyumba ka Chisepo, popita ku Sapitwa, pamene njira imadutsa pathanthwe loterera, phompho lili pambalipa? Ndipo m'phiri kuphonyako kumakula. Mukalowa m'chigwa, matanthwe amatchinga thambo, masetilaiti ena osamvekanso, uthenga wina n'kufika utayamba wagunda thanthwe, monga mawu amabwerera mukakuwa m'phanga. Foni imayesa kuti muli patsogolo kapena pambali. Ine ndinakhalapo pamwala ndikudya mbatata, osasuntha ndi phazi lomwe, kadontho kakudumpha kuwoloka mtsinje n'kubwerera. Muziyang'ana mkombero wotuwa umene umazungulira kadonthoko: ukakula, foni ikuvomera yokha kuti ikungoyerekeza. Pa za kutalika ndiye imaphonya koposa. Sapitwa ndi mamita 3,002, koma mafoni awiri pansongapo akhoza kupereka manambala osiyana.

Tsopano chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kadontho, ndi mzere. Mzere wa njira umene mlendo akutsatirawo sunajambulidwe ndi setilaiti. Anaujambula munthu. Mapu ambiri a anthu oyenda m'mapiri amachokera ku OpenStreetMap, ntchito imene inayamba mu 2004, ndipo aliyense wofuna amatha kuwonjezerapo njira. Ena amajambula bwino ndithu. Koma wina akhoza kukhala kuti anasochera tsikulo, kusocherako n'kukhala njira ya obwera pambuyo. Mzere sunena kuti apa pamafunika kukwawa ndi manja, sunena kuti mtsinje wa Likhubula wadzaza. Mukukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, miyala ndi matope zitakokoloka m'phirimu? Phiri linasintha usiku umodzi, koma mapu sasintha mpaka wina atakonza.

Ndiye pali chiperoni. Chifunga chikatsika, mnzako wa patsogolo osamuona, kuzizira kumadya batire msanga, ndipo galasi la foni likanyowa silimva chala. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapita ku Sapitwa yekha, atasiya womuperekeza m'munsi. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira.

Sindikunena kuti mutaye mafoni, ayi. Munthu akavulala, manambala a m'foni osonyeza malo amathandiza kwambiri opulumutsa, ndipo aliyense wa inu aphunzire kuwawerenga ndi kuwatumiza pa SMS. Foni muziisunga m'thumba la mkati, mutaikulunga m'pulasitiki, pafupi ndi thupi kuti itenthere. Mlendo akati "mapu akuti tidzere uku", musakangane naye. Muonetseni mkombero uja, kenako mulozereni miyala younjika ndi zizindikiro za penti zimene inu mukuzidziwa.

Tiyeni tsopano tituluke awiriawiri. Tikaime kaye pabwalo, kenako kuseri kwa thanthwe lija, aliyense alembe manambala a malo onse awiri, tibwere tidzafanizire.