Mawu a m'mawa: Sikelo ya pachikwangwani ndi yobera

Mwadzuka bwanji amayi, achemwali ndi abale nonse muno mu Joni? Mawu athu a lero ali pa Miyambo 11:1: "Muyeso wonyenga unyansa Yehova; koma mulingo wamphumphu umsekeretsa."

Amene munagulitsapo chimanga kapena nandolo kwa mavenda kumudzi mukuidziwa sikelo yobera. Thumba unaliyeza bwinobwino kunyumba, koma likafika pa sikelo yawo lapepuka, iwe n'kumabwerera ukudziimba mlandu kuti mwina sunadzaze. Pali sikelo ina yotere imene amayi ambiri amakwerapo m'mawa uliwonse asanafike ndi kuntchito komwe. Ukakwera takisi ku Rosettenville, ku Mayfair kapena ku Diepsloot, usanatsike pa Bree kapena pa Noord wadutsa kale zikwangwani zambirimbiri. Kenako mawindo a mashopu a mu Small Street, zidole zovekedwa madiresi ku Sandton City, ndi foni imene ili m'manjayo. Zonsezi zimakuuza kuti wapelewera, ndipo amene akukuyezayo ndi yemwe akugulitsa mankhwala ake.

Tiyeni tione mmene chithunzi cha pachikwangwani chimapangidwira. Mtsikana amene amasankhidwa kuonetsa zovala za mafashoni nthawi zambiri amakhala wotalika masentimita 175 kapena kuposa, pamene amayi ambiri a kuno ndi a kwathu ali pakati pa 155 ndi 160. Diresi limasokedwa pa sayizi yaing'ono, 32 kapena 34 pa mawerengedwe a kuno. Likamukhwepa, amalikoka kumbuyo n'kulipana ndi zopanira komanso mapini kuti kutsogolo lioneke ngati anabadwa nalo. Zidole za m'mawindo nazonso n'chimodzimodzi. Tsiku lina mudzazungulire kumbuyo kwake mudzaone mapiniwo. Wodzoza nkhope ndi wokonza tsitsi amatha naye ola kapena awiri. Magetsi amaikidwa mbali zingapo kuti mthunzi ubise pamimba. Wojambula amatola zithunzi mazanamazana, mtsikanayo atabweza mimba, atapinda msana, mpweya atausunga, ndipo pa zonsezo amasankhapo chimodzi. Chimodzicho chimalowa mu kompyuta. Pa Photoshop amachepetsa chiuno, amatalikitsa miyendo ndi khosi, amafufuta ziphuphu, timabowo ta pakhungu ndi mizere ya pantchafu, khungu n'kuliwalitsa. Mwini wakeyo akadzuka m'mawa safanana nacho chithunzicho.

Izi si zongoganizira. Mu 2009 kampani ya zovala ya Ralph Lauren inapepesa itatulutsa chithunzi cha Filippa Hamilton, mtsikana woonetsa zovala, chimene anachichepetsa mpaka mutu kuoneka waukulu kuposa chiuno. Mu 2011 kampani ya zovala ya H&M inavomera kuti pa zithunzi zina za pa intaneti matupi anali opangidwa ndi kompyuta, mitu yokha ndiyo inali ya anthu enieni. Dziko la France linafika poika lamulo mu 2017 lakuti chithunzi cha malonda chimene thupi lake lachepetsedwa kapena kukulitsidwa chizilembedwa kuti chakonzedwa. Masiku ano ena akutsatsa zovala ndi "anthu" opangidwa ndi kompyuta kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndiye mayi wobereka ana atatu, woimirira tsiku lonse akusita ndi kukolopa m'nyumba ya abwana, azidziyerekeza ndi munthu woti sanabadwe n'komwe?

Ife Amalawi mtolo wathu ndi wapawiri. Chikwangwani cha mu Joni chimati chepa. Ukatumiza chithunzi kumudzi, azakhali amayankha kuti, "Mwaondatu, kodi mukudwala? Kapena ku Joniko zikuvuta?" Pa Instagram ndi TikTok ndiye amafuna zonse pamodzi: mimba yophwa, chiuno chonga cha mavu, mbina yaikulu, khungu loyera. Thupi limodzi silingakhoze mayeso atatu otsutsana, ndipo apa m'pamene ndalama ndi thanzi zimathera.

Tiyambe ndi mafuta oyeretsa khungu, chifukwa ndiwo avulaza ambiri. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, madokotala a konkuno ataona amayi ambiri akuda nkhope moti sizibwerera. Matendawa amatchedwa ochronosis: miyezi yoyamba umayera, kenako pamasaya ndi pachipumi pamabwera mawanga akuda obiriwira, okhakhala, ndipo ukawonjezera mafutawo kuti achoke ndiye amakula. Ngakhale analetsedwa, mafuta otere akadagulitsidwa m'misewu ndi m'timashopu, ena m'timabotolo topanda dzina, osakaniza pamanja. Ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, amene dokotala amapereka kwa masabata ochepa pa matenda a khungu. Ukawadzola miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, pamabwera mizere yofiira m'mikono ndi m'ntchafu, ziphuphu ndi zipere sizitha, bala limachedwa kupola. Ena amakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Mukaona munthu nkhope yayera koma mfundo za zala, zigongono ndi mawondo zili bii, dziwani kuti ntchito ndi ya mafutawa.

Ngati mwadzola kwa nthawi yaitali, musataye botolo lero n'kusiyiratu mwadzidzidzi, chifukwa khungu lozolowera steroid limalusa: limafiira, limayabwa, limatentha, ndipo ambiri amabwerera ku mafuta omwewo poganiza kuti ndiwo mankhwala. Tengani botololo mupite nalo kukiliniki, mukanene zoona za miyezi imene mwadzola, akuthandizeni kuchepetsa pang'onopang'ono. Mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo dzuwa lake limaluma ngakhale mu June. Khungu lovulala limafuna mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa tsiku lililonse, chipewa, ndi mafuta wamba monga Vaseline kapena glycerine pa kuuma kwa nyengo yozizira.

Tiyi wochepetsa thupi nthawi zambiri amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, mafuta ali pompo, ndipo ukamwa masabata ambiri umafooka, mtima umagunda mosalongosoka, matumbo amaiwala kugwira ntchito okha. Lamba womanga mimba sasungunula kalikonse; amangofinya, n'kubweretsa chilungulira ndi befu. Mbali inayo kuli manyuchi onenepetsa monga Apetamin. Muli mankhwala a cyproheptadine amene amakupatsa njala ndi tulo tambiri, angathe kuvulaza chiwindi, ndipo mafutawo sasankha popita. Ambiri amathera pamimba pomwe sumafuna.

Tsitsi nalo. Mu September 2020 malonda a mankhwala a tsitsi a TRESemmé pa tsamba la pa intaneti la masitolo a Clicks anaonetsa tsitsi la mkazi wakuda ngati louma ndi lowonongeka, la mzungu ngati labwinobwino. Anthu anakwiya dziko lonse, masitolo anatsekedwa masiku angapo, kampani inapepesa. Chodabwitsa n'chakuti panali pasanathe chaka Zozibini Tunzi wa konkuno atapambana mpikisano wa chiphadzuwa wa Miss Universe mu 2019 ndi tsitsi lake lachibadwa, lalifupi. Malonda otere mukhoza kuwadandaula kwaulere ku Advertising Regulatory Board, bungwe loyang'anira kutsatsa malonda. Koma kuvulala kwambiri kumachitikira ku saluni: meshi yomangidwa mothina, makamaka pa tsitsi lowotcha ndi mankhwala, imazula tsitsi la m'mbali mwa chipumi, ndipo zaka zikapita silimeranso. Ngati kuluka kukupweteka moti simungagone, kapena patuluka timatuza m'mphepete, masulani tsiku lomwelo osawerengera ndalama munalipira. Meshi isapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo mutu upumeko musanalukenso.

Tisamvane molakwika. Baibulo silidana ndi kutchena. Mkazi wa pa Miyambo 31 amavala nsalu yabafuta ndi yofiirira, ndipo ndime 17 imamuyamikira chifukwa cha mikono yolimba, mikono yomweyo imene ena amaibisa pojambulitsa. Mkwatibwi wa mu Nyimbo ya Solomo 1:5-6 amanena yekha kuti ndi wakuda ndi wokongola, dzuwa la m'munda wa mpesa litamuwamba. Chimene Yehova amanyansidwa nacho ndi muyeso wabodza, ndipo mulingo woona ulipo. Kwa thupi, ndi BP yosafika 140 pa 90, shuga woyezedwa kukiliniki, tulo tokwanira, mphamvu zokwerera masitepe a pa Park Station ndi katundu. Ngati mukufuna nambala ya pamimba, ikhale yosapitirira theka la kutalika kwanu. Wa masentimita 160 ayang'ane 80. Imeneyo ndi nkhani ya mtima ndi shuga, yokambirana ndi anesi.

Pa zovala, nambala ya pakolala isakulizeni. Sayizi 38 ya shopu ina ndi 40 kapena 42 ya shopu ina, ndipo za ku China Mall ndi za pa dunusa (kaunjika wa kuno) zili ndi mawerengedwe akeake. Gulani tepi ya telala, yezani chifuwa, chiuno ndi m'matako, lembani mu foni. Gulani chokwana pamalo aakulu kwambiri a thupi lanu, kwinako telala abweze. Atelala achimalawi ali ponseponse muno, ndipo chitenje sichinafunsepo munthu sayizi.

Azibambo ndi azimayi akuluakulu, pakamwa pathu pamavulaza kuposa chikwangwani. "Wanenepatu iwe," "mwana wakuda ngati bambo ake," "tayeretsako nkhopeyi upeze banja": mwana wamkazi amasunga mawu otere zaka makumi. Mukaona mtsikana akudumpha chakudya, akuthamangira kuchimbudzi akangodya, akuchita chizungulire, kapena msambo wasiya, musamukalipire kuti ndi matama a ku Joni. Ndi matenda, ndipo amapha. Pitani naye kukiliniki, kapena imbani ku SADAG, bungwe lothandiza pa za maganizo.

Tipemphere. Atate, mukudziwa mlongo amene akubisa masaya opsa ndi mafuta, ndi amene wagona ndi njala dala chakudya chilipo. Apatseni kulimba mtima kopita kukiliniki sabata ino, ndipo akakumane ndi anesi achifundo. Gwirani lilime lathu pamaso pa ana athu aakazi. Yendani ndi onse amene ali m'matakisi ndi m'masitima m'mawa uno, ndi amene akusaka ntchito. M'dzina la Yesu, Ameni.